Mankhwala a chithokomiro ndikumwa, nanga bwanji mtima sukukhala m'malo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina yemwe wapempha kuti ndisatchule dzina lake. Ndayifupikitsa, koma mawu ndi ake:

"Chaka chatha anandipeza ndi vuto la chithokomiro, akuti chikugwira ntchito mofooka, ndipo anandiyambitsa levothyroxine. Mwezi watha ndinayezetsanso magazi, adokotala akuti tsopano zonse zili bwino. Koma ine sindili bwino ayi. Ndimangolira popanda chifukwa, zimene ndinkakonda sizikundisangalatsanso, usiku ndimadzidzimuka mtima ukuthamanga ngati ndalandira uthenga wa maliro. Amuna anga akuti ndikungoganiza kwambiri. Kodi ndi chithokomirochi kapena mutu wayamba kusokonekera? Ndiwonjezere mapiritsi ndekha?"

Achemwali, pepani ndi zimene mukudutsamo. Ndiyambe ndi funso lomalizalo, chifukwa ndi limene landidetsa nkhawa kwambiri: chonde musawonjezere mapiritsi panokha. Levothyroxine akachuluka m'thupi amabweretsa zomwezo zimene mukudandaula nazo, mtima kuthamanga, kusowa tulo, kunjenjemera manja, mantha osadziwika kochokera. Akachuluka kwa nthawi yaitali amafooketsa mafupa ndipo amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Komanso mankhwalawa sachoka msanga m'magazi, pamatenga pafupifupi sabata kuti theka lokha lichoke. N'chifukwa chake mlingo ukasinthidwa, madokotala amadikira masabata 6 mpaka 8 asanayezenso. Mapiritsi owonjezera sangakupepuzeni mawa, koma akhoza kukuvutitsani kwa masabata angapo.

Mutu wanu sunasokonekere. Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi, ndipo mahomoni ake awiri, T4 ndi T3, ndi amene amalamula liwiro limene thupi lonse likuyendera, ubongo womwe. Akachepa, munthu amatopa, amamva kuzizira anzake akumva bwino, amadzimbidwa, amanenepa, tsitsi limathothoka, amaiwalaiwala, ndipo mtima umalemera. Akachuluka, zinthu zimatembenuka: thukuta, kuwonda munthu akudya bwino, kupsa mtima msanga, nkhawa yosatha. Zimenezi madokotala anazidziwa kalekale. Robert Graves wa ku Dublin analemba mu 1835 za amayi amene mitima yawo inkagunda mwamphamvu makosi atatupa. Mu 1949 dokotala wa ku London, Richard Asher, anafotokoza odwala amene ankaoneka ngati achita misala, pomwe gwero linali chithokomiro chofooka kwambiri, ndipo ambiri a iwo anapeza bwino atalandira mankhwala a chithokomiro. Choncho munthu akakuuzani kuti khosi silikhudzana ndi maganizo, dziwani kuti akulakwitsa.

Koma pali china chimene ndikufuna muchimve bwino, chifukwa n'chimene chimasokoneza anthu ambiri. Mukufunsa kuti ndi chithokomiro kapena ndi maganizo, ngati kuti yankho liyenera kukhala limodzi. Nthawi zambiri zimakhala zonse ziwiri. Chithokomiro chikhoza kuyambitsa kukhumudwa, kenako magazi n'kubwerera m'malo, kukhumudwako n'kutsala. Taganizani, miyezi yambiri musanadziwe chimene chikukuvutani munali wotopa, munasiya kuyendera anzanu, ntchito inkakukanikani, mwina ena anakutchani waulesi. Zimenezo zimasiya bala, ndipo piritsi la chithokomiro silinapangidwire bala limenelo. Ine maganizo anga ndi akuti musadikire kuti mudziwe kaye wolakwa ndani. Fufuzani za mahomoni, inde, koma kukhumudwa ndi nkhawazi muzipezere thandizo lake nthawi yomweyo.

Tiyeni tione kaye za mahomoni. Mukabwerera kuchipatala, funsani nambala yeniyeni ya TSH, musakhutire ndi mawu akuti "zili bwino". TSH ndi homoni ina imene imachokera ku kachiwalo kena ka pansi pa ubongo, ndipo imakwera chithokomiro chikafooka, imatsika mahomoni akachuluka. Malabu ambiri amaika malire pakati pa 0.4 ndi 4.0, ngakhale amasiyana pang'ono. Ngati yanu yatsika kwambiri, mwina mlingo wakulira, ndipo ndiye gwero la mtima wothamangawo. Ngati ili kumtunda kwenikweni, pali zoti mukambirane ndi adokotala. Lembani manambalawa m'kabuku pamodzi ndi tsiku ndi mlingo umene munkamwa panthawiyo.

Kenako taonani mmene mumamwera piritsilo m'mawa. Ambiri amalitulutsa m'paketi, n'kulimeza ndi khofi kapena tiyi wamkaka, pomwepo n'kumezanso piritsi la ayironi lowonjezera magazi, chifukwa n'kosavuta kukumbukira zonse pamodzi. Pamenepo mankhwala ena amangodutsa osalowa m'magazi. Levothyroxine amafuna m'mimba mopanda kanthu, madzi okha, ndipo mudikire mphindi 30 mpaka 60 musanadye. Mapiritsi a ayironi, a kashiamu ndi ena a kutentha pamtima muwatalikitse maola 4. Mukamwa mosinthasintha, lero moyenera mawa ndi chakudya, mahomoni nawonso amakwera ndi kutsika, ndipo maganizo amatsatira. Ngati mumamwa biotin wa tsitsi ndi zikhadabo, auzeni adokotala musanayezetse, chifukwa amatha kunamiza zotsatira za labu.

Pemphaninso kuti aone ngati magazi ndi okwanira. Chithokomiro chofooka chimachulukitsa msambo mwa amayi ambiri, magazi n'kuchepa, ndipo kuchepa magazi pakokha kumatopetsa ndi kuthamangitsa mtima. Vitamini B12 nayenso amachepa kawirikawiri mwa anthu amene vuto lawo ndi la Hashimoto, lija chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi chithokomiro chake chomwe.

Simunandiuze zaka zanu kapena ngati mwabereka posachedwa, ndipo zimenezi n'zofunika. M'chaka choyamba atabereka, pafupifupi mayi mmodzi mwa 20 alionse chithokomiro chake chimatupa n'kusokonekera, poyamba kuthamanga kenako kufooka, ndipo nthawi yomweyo ndi imenenso amayi ena amadwala matenda ovutika maganizo a pambuyo pobereka. Ngati mwadutsa zaka 40 ndipo msambo wayamba kudumphadumpha, kudzidzimuka usiku ndi thukuta ndi mtima wothamanga kungakhale chizindikiro chakuti mukuyandikira kusiya kusamba. Ngatinso kulirako kumakula sabata imodzi kapena awiri msambo usanayambe, n'kuzimiririka ukangoyamba, limenelo ndi vuto lodziwika lotchedwa PMDD, ndipo lili ndi chithandizo chake.

Njira yodziwira zimenezi ndi kabuku komwe kaja. Muzikasiya pafupi ndi pogona. Madzulo alionse lembani mzere umodzi wokha: mumtima munkamva bwanji lero kuyambira 0 mpaka 10, munagona maola angati, ndi tsiku lachingati la msambo, piritsi munamwa nthawi yanji. Mukadzidzimuka usiku, gwirani pamkono pafupi ndi chala chachikulu, werengani kugunda kwa mphindi imodzi, lembani. Pakatha miyezi iwiri mudzaona zinthu zimene pakamwa pokha simukanatha kufotokoza, ndipo dokotala amamvetsa msanga akaona zolembedwa. Ngati mtima ukupitirira 100 pa mphindi mutangokhala phee, kapena ukugunda modumphadumpha, musadikire miyezi iwiriyo, pitani msanga.

Tsopano za kukhumudwako. Madokotala amati munthu akakhala wosasangalala pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata awiri kapena kuposa, zimene ankakonda n'kusiya kumukoma, ameneyo ayenera kuunikidwa ngati ali ndi matenda ovutika maganizo. Zimene mwalembazi zikufika pamenepo. Pali mafunso 9 otchedwa PHQ-9 ndi ena 7 a nkhawa otchedwa GAD-7, amene amatenga mphindi zochepa kuyankha. Apempheni. Uphungu wa kwa katswiri wa za maganizo umathandiza, makamaka umene umaphunzitsa munthu kugwira maganizo oipa asanamukokere pansi. Mankhwala a kukhumudwa, monga fluoxetine ndi sertraline, amamwedwa limodzi ndi levothyroxine, bola adokotala adziwe zonse zimene mukumwa ndipo aziyezabe TSH. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, nthawi zina mpaka 6, ndipo masiku oyambirira nkhawa imatha kukwera pang'ono isanatsike. Ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti mankhwala awakana. Kumwa mankhwala amenewa si umboni wakuti ndinu wofooka kapena wopanda chikhulupiriro. Zimandipweteka ndikamva munthu akuvutika zaka chifukwa choopa zimene anthu anganene.

Pa zimene mungachite panokha, ndingotchula zimene ndikuzikhulupirira. Kukhumudwa kumauza munthu kuti adikire kaye mtima ufune ndiye achite kanthu, koma mtimawo sufuna. Yambani ndi kuchita, kufuna kudzabwera pambuyo. Sankhani kanthu kamodzi kakang'ono usiku, monga kuyenda mphindi 10 kunja kukacha kapena kuimbira foni mnzanu mmodzi, ndipo mawa mukachite ngakhale thupi likukana. Muzidzuka nthawi yofanana tsiku lililonse, ngakhale usiku unali woipa. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu muchepetse, mowanso umakulitsa nkhawa ya m'bandakucha. Mantha akakugwirani usiku, khalani tsonga, pondani pansi, kokani mpweya mukuwerenga mpaka 4, tulutsani pang'onopang'ono mpaka 6, mubwereze kwa mphindi zingapo. Kutulutsa mpweya motalikitsa kumatsitsa liwiro la mtima. Sikuchiza chithokomiro, koma kumakuthandizani kudutsa usikuwo.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi chithokomiro chothamanga, mawu awiri. Nkhawa yanu nthawi zambiri imatsika mahomoni akatsika, ndipo mankhwala otchedwa propranolol amatha kukhazika mtima ndi manja podikira, ngakhale sayenera anthu a mphumu. Ngati mukumwa carbimazole, mankhwala otsitsa mahomoni a chithokomiro, n'kumva zilonda kukhosi, m'kamwa kapena kutentha thupi, siyani kaye ndipo mukayezetse magazi tsiku lomwelo, chifukwa mwa anthu ochepa mankhwalawa amagwetsa maselo oyera oteteza thupi.

Za amuna anu. Sindikuganiza kuti akunena zimenezo mwankhanza. Nthawi zambiri munthu amati "ukungoganiza kwambiri" chifukwa sakudziwa chochita, ndipo akuopa. Koma mawuwo amapweteka, amachititsa munthu kubisa zimene akumva. Apempheni akuperekezeni kuchipatala ulendo wotsatira, akamve okha kwa adokotala. Ndipo abambo, ngati akuwerengerani kalatayi: akazi anu sakudzipangitsa. Chimene mungachite n'kuwafunsa madzulo kuti lero zinali bwanji, n'kumvetsera mpaka amalize, osathamangira kuwalangiza. Atengereniko ntchito zina za pakhomo masiku amene thupi lakana. Muwakumbutse tsiku loyezetsa magazi.

Achemwali, pali funso limene simunalifunse koma sindingalisiye. Ngati nthawi ina maganizo amakubwererani akuti bola kufa, kapena akuti a m'banja mwanu angapepukidwe inu mutachoka, musawasunge mumtima podikira tsiku la sikelo kapena la kuchipatala. Uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupite naye kuchipatala chapafupi. Maganizo amenewo ndi chizindikiro cha matendawa, amachizika, ndipo ogwira ntchito zachipatala anawamvapo kwa anthu ambiri, sadzakudabwani.

Mukakalowa mwa adokotala, nthawi imakhala yochepa, ndiye musayambe ndi za kutopa kapena za tsitsi. Yambani ndi chimene chikukuvutani kwambiri. Mukhoza kunena kuti, "Adokotala, ndamva kuti magazi ali bwino, koma kwa miyezi ingapo ndakhala ndikulira tsiku ndi tsiku ndipo usiku mtima ukundithamanga. Ndikupempha tione nambala ya TSH, tiyeze ngati magazi ndi okwanira, komanso mundiunike za matenda ovutika maganizo." Ngati mukuganiza zotenga pakati, nenaninso tsiku lomwelo, chifukwa mlingo wa levothyroxine umafunika kukwezedwa mimba ikangoyamba. Mukaona kuti sanakumvetsereni, muli ndi ufulu wopempha kuonana ndi dokotala wina. Mundilemberenso mukabwerako, ndikufuna kumva mmene zayendera.