Mwendo wamphamvu wokha sungampezere mwana ntchito ya kicker

Mayi ena andilembera kuti mwana wawo, yemwe ali ku sekondale ku Texas, amamenya mpira wamiyendo mwamphamvu kwambiri. Akufunsa ngati angadzakhale kicker, wosewera womenya mpira ndi phazi kuti udutse pakati pa mitengo ya golo, mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America (American football). Liwu loti "mwamphamvu" ndi limene landikhudza, chifukwa lasocheretsa anyamata ambiri.

Mayi, matimu a NFL alipo 32, ndipo timu iliyonse imasunga kicker mmodzi. Amene amalembedwa ntchito ndi amene amamenya mofanana nthawi zonse, kaya kuli mphepo, kaya chisanu. Taonani Gary Anderson, wobadwira ku South Africa. Mu 1998, akusewerera Minnesota Vikings, sanaphonye ngakhale kamodzi m'masewero onse a ligi. Kenako mu Januwale 1999 anaphonya pa mayadi 38 polimbana ndi Atlanta Falcons, timu yake n'kulephera kupita ku Super Bowl, masewero omaliza opezera akatswiri a NFL. Anthu amakumbukira kuphonya kumodziko. Zimenezi zimandiwawa, ndipo sindidzasiya kunena kuti n'kupanda chilungamo. Scott Norwood wa Buffalo Bills zinamuchitikiranso mu 1991 pa mayadi 47. Komanso kicker samenya yekha: long snapper amaponya mpira chammbuyo mayadi 7 kapena 8, holder amauimika n'kuutembenuza kuti zingwe zake ziyang'ane kugolo, zonsezi m'masekondi pafupifupi 1.3. Mmodzi akachedwa, wotukwanidwa ndi kicker.

N'zoona kuti mpira wamiyendo umathandiza. Pete Gogolak wa ku Hungary ndiye anabweretsa kamenyedwe kochokera chammbali, konga ka mpira wamiyendo, m'maligi akuluakulu a mpira wa ku America mu 1964, ndipo Brandon Aubrey anatengedwa ndi Toronto FC, timu ya mpira wamiyendo ya ku Canada, mu 2017, kenako anagwira ntchito ya makompyuta, asanalowe mu Dallas Cowboys mu 2023. Koma Aubrey anaphunzira kamenyedweka kwa zaka.

Zoti mwana achite

Abwerere mapazi atatu kumbuyo, awiri kumbali, mofanana ulendo uliwonse. Phazi loponda likhale pambali pa mpira, zala zitaloza pakati pa mitengo ya golo, yomwe mu NFL ndi yotalikirana mafiti 18 ndi mainchesi 6. Amenye ndi fupa la pamwamba pa phazi, pansi pang'ono pa pakati pa mpira. Akadzutsa mutu msanga, thupi limatembenuka, mpira n'kupita pambali. Ayambire pa mayadi 20 mpaka 30, muzimujambula vidiyo, ndipo asiye akangotopa, chifukwa minyewa ya m'ntchafu imavulala msanga.