Sleeve kapena bypass? Yankho kwa mayi amene akudikira tsiku la opaleshoni

Sabata yatha ndinalandira imelo yaitali ndithu kuchokera kwa mayi wina. Dzina ndalibisa monga anandipempha, koma nkhani yawo ili motere. Ali ndi zaka 38, msinkhu wawo ndi mamita 1.62, ndipo akakwera pasikelo imafika pa makilogalamu 118. Shuga anawapeza nayo zaka zinayi zapitazo. Usiku chilungulira chimawadzutsa, moti amagona atasanjikiza mapilo atatu. Maondo amaphwanya, ndipo diclofenac sachoka m'chikwama chawo. Dokotala wawauza kuti opaleshoni yochepetsa thupi ingawathandize, wawatchulira njira ziwiri, sleeve gastrectomy ndi gastric bypass, kenako wati apite akaganize. Iwo akufunsa kuti: "Ndi iti imene imachotsa makilo ambiri? Nanga ndikonzekere bwanji? Ndikufunanso mwana mmodzi nthawi isanandithere." Kumapeto anawonjezera kamzere kakuti mkulu wawo akuti imeneyi ndi njira ya anthu aulesi.

Achemwali, zikomo pondikhulupirira. Ine anandipanga bypass zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, choncho ndikuyankhani ngati munthu amene anagonapo pabedi limenelo. Mawu omaliza akhala a dokotala amene waona magazi anu ndi m'mimba mwanu, koma ndikufuna mukabwerere kwa iye muli ndi mafunso akuthwa.

Choyamba, musadzikayikire ngati mukuyenera. BMI yanu, kutanthauza kulemera kwanu poyerekeza ndi msinkhu, ili pa 45. Malangizo akale a mu 1991 ankati opaleshoni ndi ya munthu amene wafika pa 40, kapena pa 35 ngati ali ndi matenda ena monga shuga. Mu 2022 mabungwe a madokotala a ntchitoyi, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa malirewo kufika pa 35 ngakhale popanda matenda ena, ndi pa 30 kwa amene shuga yawavuta. Inu mwadutsa malire onsewo.

Koma funso lanu loyamba lija ndilitembenuza pang'ono, chifukwa makilo sindiwo amene ayenera kukusankhirani. Anthu ambiri a sleeve amataya pafupifupi makilo 25 pa makilo 100 alionse, a bypass pafupifupi 30. Pa thupi lanu ndiye kuti mwina 30 uku, 35 uko. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa poyerekeza ndi momwe maopaleshoni awiriwa amasiyanirana pa nkhani ya chilungulira, shuga, mankhwala a ululu ndi mavitamini. Zitatu zoyambazo zili m'kalata yanu.

Tiyeni tione kaye zimene mpeni umachita. Pa sleeve, dokotala amadula chifu mulitali n'kuchotseratu gawo lalikulu, pafupifupi magawo 80 pa 100. Chotsala chimakhala chopyapyala ngati nthochi. Gawo lochotsedwalo ndi limene limapanga ghrelin wambiri, kachemikolo kamene kamauza ubongo kuti njala yafika, n'chifukwa chake ambiri miyezi yoyamba amachita kukumbutsidwa kudya. Matumbo sawakhudza. Opaleshoniyi ndi yaifupi, ndipo masiku ano ndi imene ikuchitika kwambiri padziko lonse. Chimene chachotsedwa sichibwereranso.

Bypass ndi yakale. Edward Mason anaiyamba ku Iowa mu 1966, ndipo kalumikizidwe ka matumbo kooneka ngati chilembo Y kanatenga dzina la César Roux, dokotala wa ku Switzerland, n'chifukwa chake mumamva akuti Roux-en-Y. Apa chifu sachichotsa. Amapatula kathumba kakang'ono pamwamba, kokwana mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono cha kutsogolo. Chakudya chimalambalala chifu chachikulu chija ndi chiyambi cha matumbo. Chifu chotsalacho chimakhalabe chamoyo, chimapangabe timadzi take, ndipo timadzito timakakumana ndi chakudya kumunsi.

Zina mudzazimva, koma sindikhalitsapo. Lamba womangira chifu, amene ku America anamuvomereza mu 2001, anatchuka kwambiri kenako n'kuzilala, chifukwa ankaterereka, nthawi zina n'kudya khoma la chifu, ndipo ambiri anabwerera kukamuchotsetsa. Duodenal switch ndi mng'ono wake SADI-S, maopaleshoni odula chifu ngati sleeve n'kuchititsanso kuti chakudya chilambalale gawo lalikulu la matumbo, amachotsa makilo ochuluka kuposa onse, koma amasowetsa thupi zakudya kwambiri, moti nthawi zambiri amasungira anthu a BMI yoposa 50. Baluni yoika m'chifu nthawi zambiri ndi ya miyezi isanu ndi umodzi chabe. Majakisoni monga semaglutide amachotsa pafupifupi makilo 15 pa 100, ndi abwino ndithu, koma ukawasiya thupi limabwerera.

Tsopano tibwere kwa inu. Mapilo atatu aja ndi amene andiimitsa mutu. Chifu cha sleeve ndi chothina, mphamvu ya mkati imakwera, ndipo asidi amakankhidwira kummero. Kafukufuku wa SM-BOSS wa ku Switzerland, amene zotsatira zake za zaka zisanu zinatuluka mu 2018, anapeza kuti chilungulira chinakula mwa anthu pafupifupi 32 pa 100 a sleeve, pamene a bypass anali 6 okha. Mwa amene anali nacho kale, chinatheratu mwa 60 pa 100 a bypass ndi 25 a sleeve. Ndimalankhulana ndi anthu angapo amene anayamba ndi sleeve, patapita zaka n'kubwereranso kuti awasinthire ku bypass chifukwa cha moto wa pachifuwa womwewu. Kupita pampeni kawiri si masewera.

Pa shuga, onse awiri amathandiza, koma bypass imatsogola pang'ono. Ku Cleveland Clinic anatsatira anthu 150 a shuga mu kafukufuku wa STAMPEDE. Patatha zaka zisanu, amene shuga yawo inatsika kufika pa 6 kapena kucheperapo pa HbA1c, muyezo wa m'magazi wosonyeza mmene shuga yakhalira m'miyezi itatu yapitayo, anali 29 pa 100 mwa a bypass, 23 mwa a sleeve, ndi 5 okha mwa amene ankangomwa mankhwala. Zaka zinayi zanu ndi shuga si zambiri, ndipo zimenezi zili kumbali yanu, chifukwa kapamba, chiwalo chopanga insulini, akakhala kuti sanatope kwambiri mwayi wosiya mankhwala umakula.

Mpaka apa mukuona kumene ndapendekera. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a bypass ndiwatchula onse.

Diclofenac uja. Pamene kathumba kalumikizana ndi matumbo ndi pamalo posachedwa kuchita chilonda, ndipo mankhwala a mtundu wa diclofenac, ibuprofen ndi naproxen ndi amene amachiyambitsa, pamodzi ndi fodya. Mukapanga bypass mwatsanzikana nawo moyo wonse. Paracetamol ndi wololedwa. Maondo ambiri amapepuka makilo akachoka, anga ananditeronso, koma ngati mafupa anaperepeseka kale ululu ukhoza kutsala. Choncho musanasaine chilichonse, maondowo akaunikidwe, mudziwe chimene chikuwawa, ndipo muyesere kuyambira pano kukhala milungu ingapo popanda diclofenac. Zikakanikiratu, kauzeni dokotala mosabisa, chifukwa zimenezo zikhoza kusintha chisankho chonse.

Kenako pali dumping. Ine ndinaidziwa mwezi wachitatu, nditadzinyenga kuti kumwa pang'ono chabe chakumwa chotsekemera sikungandichite kanthu. Sipanathe mphindi 15, thukuta linali chuchuchu, mtima ukugunda ngati ufuna kutuluka, manja akunjenjemera. Ndinagona pansi pa simenti yozizira mpaka zinadutsa, mwana wanga ataima pakhomo ndi maso aakulu, akufunsa ngati aitane anthu. Chimachitika n'chakuti zotsekemera zimagwera m'matumbo nthawi imodzi popanda chozichedwetsa. Sizipha, koma zimaphunzitsa msanga. Ena amati ndi mlonda wabwino. Ine ndimangoti ndi mlonda waukali.

Mavitamini nawo ndi ngongole yosatha. Ayironi ndi kashiamu amalowa bwino m'thupi pa gawo lomwe lija la matumbo limene chakudya chikulilambalala, ndipo vitamini B12 amafuna timadzi ta m'chifu kuti alowe. Ndiye kuti mapiritsi tsiku ndi tsiku, mwina jakisoni wa B12 miyezi itatu iliyonse, ndi kuyezetsa magazi chaka chilichonse mpaka kukalamba. A sleeve nawonso amamwa mavitamini, koma akazembazemba chilango chawo chimachedwerapo. Dzifunseni moona mtima: mankhwala a shuga amene muli nawo panopa, mumamwa osadumphitsa? Yankho lake likuuzani zambiri kuposa ine. Palinso vuto lina losowa koma loopsa, matumbo kulowa m'mpata umene opaleshoni inasiya n'kupotokola, ngakhale patapita zaka. Munthu wa bypass akamva kupweteka kwambiri m'mimba sadikira kuti kuche.

Za kukonzekera, pali za kuchipatala ndi za kunyumba. Kuchipatala, pemphani kuti akuunikeni ndi kakamera kodzera kummero. Kwa munthu wa chilungulira ngati inu zimenezi n'zosakambirana, chifukwa akapeza kuti mmero unapsa kale ndi asidi, makamaka ngati wasintha n'kukhala chimene amati Barrett's, sleeve imakhala yatuluka m'mpikisano. Nthawi yomweyo amayeza kachilombo ka H. pylori kuti akaphe opaleshoni isanachitike. Ayezenso ayironi, B12 ndi vitamini D, poti ambiri a ife timakhala operewera kale ngakhale thupi lili lalikulu. Ngati akunyumba amadandaula kuti mumaliza nkonono n'kumabanika kutulo, nenani, chifukwa wogonetsa anthu ku opaleshoni ayenera kudziwa. Ngati mumasuta, musiye patatsala milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Mowa muuganizirenso bwino, chifukwa pambuyo pa bypass umalowa m'magazi mofulumira kwambiri, ndipo ena amene kale ankangolawa amapezeka akodwa.

Milungu iwiri yomaliza adzakuikani pa zakudya zochepa kwambiri. Anthu amaganiza kuti akuyesedwa kupirira, koma nkhani ndi chiwindi. Chiwindi chimagona pamwamba pa chifu, ndipo dokotala amayenera kuchinyamula kuti aone pogwira ntchito. Chikakhala chotupa ndi mafuta chimalemera, chimatchinga, ndipo chimang'ambika msanga. Milungu iwiriyo imachiphwetsa. Inu a shuga samalani apa: chakudya chikachepa koma mankhwala ali omwewo, shuga ikhoza kutsika mpaka kukugwetsani, choncho mlingo wake ausinthe dokotala musanayambe.

Za kunyumba ndi zimene ine ndinazipeputsa, ndipo ndinanong'oneza bondo. Yambani lero kudya ngati munthu amene anapangidwa kale. Mbale yaing'ono, supuni yaing'ono, kutafuna mpaka chakudya chisungunuke m'kamwa. Muyambe ndi zamapuloteni, chifukwa mudzafunika magalamu 60 mpaka 80 patsiku m'chifu chosalandira zambiri. Chovuta kuposa zonse ndi kulekanitsa kudya ndi kumwa: osamwa kanthu pakudya, mpaka patatha mphindi 30. Dzanja limapita lokha ku kapu. Tsiku lotsatira opaleshoni namwino anandipatsa kakapu ka mankhwala, kaja ka mamililita 30, nati ndimwe madziwo pang'onopang'ono kwa mphindi 15. Ndinaseka. Nditameza kawiri motsatizana ndinamva ngati mwala wakhala pachifuwa, ndipo kuseka kunathera pomwepo.

Akakutumizani kwa mlangizi wa za maganizo musakhumudwe ngati akukuyesani wamisala. Ngati chakudya ndicho chimakutonthozani mukakwiya kapena mukasungulumwa, opaleshoni idzakulandani chitonthozocho tsiku limodzi, mkwiyo n'kuusiya pomwepo. Ndi bwino kupezeratu kwina kopita nawo.

Safunsa anadya phula, ndiye dokotala wanu mum'funse kuti amapanga maopaleshoni otere angati pachaka, ndi odwala ake angati amene msoko wawo wa pachifu unadontha, ndipo mukadwala usiku wa Loweruka muimbire ndani. M'zipatala zozolowera ntchitoyi imfa ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 1,000, mofanana ndi opaleshoni yochotsa ndulu. Komabe zizindikiro zoti msoko wadontha muzidziwe pamtima: mtima kugunda koposa ka 120 pamphindi, kutentha thupi, kupuma movutikira, kupweteka kwa phewa lamanzere. Mukamasanza mosalekeza musapirire, chifukwa vitamini B1 amatha m'thupi m'milungu iwiri kapena itatu, ndipo kusowa kwake kumawononga ubongo. Tsitsi kuthothoka cha m'mwezi wachitatu mpaka wachisanu ndi chimodzi kusakuopseni, ngakhale chipeso chidzaze. Limameranso.

Akulu anu aja musalimbane nawo. Auzeni kuti akuperekezeni tsiku lokaonana ndi katswiri wa zakudya, akamve okha za milungu ya zamadzimadzi, milungu ya zopota, mapiritsi a moyo wonse ndi khungu lolendewera. Wanga amene ankanena zomwezo ndi amene anadzakhala wondiwerengera makapu a madzi.

Za mwana ndazisungira kumapeto chifukwa zikufuna kalendala. Madokotala amati mudikire miyezi 12 mpaka 18, nthawi imene thupi likutsika mofulumira ndipo silingadyetse bwino awiri. Chodabwitsa n'chakuti mphamvu yobereka imabwerera msanga makilo akayamba kuchoka, ngakhale kwa amene anavutika zaka zambiri, pamene mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass chifukwa salowa bwino m'thupi. Njira yolera, kaya lupu kaya ya pamkono, ikonzedwe opaleshoni isanachitike. Mukapangidwa chaka chino, mudzakhala mukuyesa muli ndi zaka 39 kapena 40, choncho kambiranani ndi dokotala wa amayi panopa, osati mtsogolo. Ndipo mukadzaima, tsiku loyamba kusikelo mudzanene kuti munapangidwa bypass, kuti asadzakumwetseni madzi otsekemera aja oyezera shuga. Pali njira ina yoyezera, yobaya chala kwa masiku angapo. Akakuunikani kummero mundilemberenso zimene apeza.