Alangizi Akuyankha: Mbozi za ku America, Feteleza wa Panyanja ndi Nandolo wa Amwenye

Mwezi uno mafunso abwera ambiri, ena pa foni, ena pamisonkhano ya makalabu. Ndasankhapo anayi. Eni ake akudandaula za m'minda mwawo, koma mukatsata bwino mupeza kuti mavutowo anayambira kutsidya la nyanja.

Mayi wina wa ku Balaka akufunsa: "Alangizi, mbozi zimene zikudya chimanga pamtimazi sitinkaziona tili ana. Ena akuti zinabwera ndi mbewu ya makuponi. N'zoona? Chaka ndi chaka tikupopera koma sizikutha. Bambo a kunyumba ali ku Joni, atumiza kanema pa WhatsApp woonetsa chimanga cha kumeneko chopanda bowo ndi limodzi lomwe, ati ndigule mankhwala amphamvu."

Mayi, mbewu ya makuponi musayinamizire. Mbozi ya fall armyworm siyenda m'njere youma ya chimanga. Kwawo ndi ku America, ndipo kuno ku Africa inaonekera koyamba kumayambiriro kwa 2016 ku Nigeria ndi pa chilumba cha São Tomé. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti inawoloka nyanja pamodzi ndi katundu wa malonda. Pofika mu Januwale 2017 inali itafika kale ku Zambia, Zimbabwe ndi kwathu kuno, ndipo mu Disembala chaka chomwecho boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 akhudzidwa ndi ngozi ya mbozizi. Mu 2018 inapezeka ku India, 2019 ku China, 2020 ku Australia. Pa zaka zinayi zokha inali itazungulira dziko.

Funso lanu loti bwanji sizikutha lili ndi yankho lowawa: sizidzatha. Mayi wake wa mboziyi ndi gulugufe wouluka usiku, amene amatha kuyenda makilomita 100 usiku umodzi mphepo ikamuthandiza, ndipo mmodzi amaikira mazira oposa 1,000 pa moyo wake. Kukamatentha, kuchoka pa dzira kufika pa gulugufe wina woikira pamatenga pafupifupi mwezi umodzi. Ku United States chisanu chimazipha, zimangopulumukira kumwera kofunda monga Florida ndi Texas. Ife chisanu chotere tilibe. Komanso masiku ano chimanga chachiwisi chilipo chaka chonse, poti madimba achuluka ndipo mapampu a sola afika m'midzi yambiri. Ulimi wothirira ndi wabwino, sindikuuletsa ayi, koma dziwani kuti chimanga cha kudimba ndicho chimasunga mbozizi kufikira dzinja.

Tsono ntchito yathu ndi kuzichepetsa, ndipo chida choyamba ndi maso anu. Chimanga chikangomera, lowani m'munda kawiri pa sabata, m'mamawa. Musamangoyenda m'mphepete. Dutsani mokhotakhota, imani malo asanu, ndipo pamalo paliponse yang'anani mapesi 10, onse pamodzi akwane 50. Tembenuzani masamba. Mazira amakhala pamulu, okutidwa ndi kaubweya kotuwa, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukawapeza aphwanyeni ndi chala pomwepo, mwapha mbozi zoposa 100 popanda kutulutsa ndalama. Timbozi tating'ono timapala tsamba n'kusiya timawindo toonekera kuwala. Zikakula zimalowa pamtima, ndipo mudzaona ndowe zake zonga utuchi wonyowa. Kuti musasokoneze ndi kapuchi kapena ntchemberezandonda zathu zakale, itulutseni muiyang'ane: kumutu ili ndi chizindikiro cha Y wozondoka, ndipo chakumchira kuli timadontho tinayi takuda tokhala mwa makona anayi.

Za kupopera, werengani kaye. Chimanga chikadali chaching'ono, chisanafike m'mawondo, mukapeza mapesi 10 mwa 50 aja ali ndi zizindikiro zatsopano, nthawi yakwana. Chikakula chimapirira, mukhoza kudikira mpaka mapesi 20. Alimi ambiri amataya ndalama chifukwa amapopera mochedwa, mbozi zitakula n'kubisala pansi pa ndowe zake, kapena amapopera masana dzuwa lili pamutu. Poperani m'mamawa kapena madzulo, mulunjikitse pamtima penipeni. Gulani mankhwala okhala ndi chizindikiro chonse m'sitolo yovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board, osati a m'timabotolo topanda dzina ta pamsika. Musamabwereze mtundu umodzi nthawi zonse, mbozizi zimazolowera. Ndipo chonde valani zodziteteza, ana asakhale pafupi, botolo lotha musatungire madzi.

Amene mulibe ndalama musaone ngati mulibe chochita. Kadothi kouma kapena mchenga wosakaniza ndi phulusa, kothira pang'ono pamtima, kamathandiza pamunda waung'ono. Ena amawaza msuzi wa usipa kuti uitane nyerere, ndipo nyererezo zimakokadi mbozi. Madzi a masamba kapena njere za nimu amagwira timbozi tating'ono. Sopo waufa wochapira zovala yekha ndimakana, ndaonapo chimanga chitapsa masamba. Kubzala msanga ndiponso nthawi imodzi ndi anzanu oyandikana nawo kumathandiza kwambiri, chifukwa munda wotsalira ndiwo umalandira agulugufe a mudzi wonse. Chimanga chosakaniza ndi nandolo, khobwe kapena nyemba sichigwidwa ngati cha pachokha. Ku Kenya bungwe lofufuza za tizilombo la icipe linapanga njira yobzala desmodium, chomera choyanga cha mtundu wa nyemba, pakati pa mizere ndi nsenjere kuzungulira munda, ndipo kumeneko yachepetsa mbozizi. Chovuta kuno n'kupeza mbewu ya desmodium.

Kunena za kanema wa bambo, auzeni mwaulemu kuti chimanga chambiri cha m'mafamu akuluakulu a ku South Africa ndi cha GMO, kutanthauza mbewu yosinthidwa chibadwa chake ndi asayansi, ndipo china mwa icho chinapangidwa kuti chizipha chokha mbozi zikachidya. Kusalala kwa masamba amene mwaonawo sikuchokera m'botolo lokha. Ndalama akatumiza, gawo lina mulipire waganyu wokuthandizani kuyendera munda, poti ntchito ya anthu awiri mwatsala nayo nokha.

Ndionjezere kamodzi, popeza ife tomwe timanyamula mavuto pa basi. Matenda a chisaka amene anatha nthochi ku Thyolo ndi ku Mulanje amafala ndi nsabwe za zomera, komanso ndi ana a nthochi amene anthu amapatsana. Lero nthochi zambiri za m'misika yathu zikuchokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mukapita kukacheza kutali, musabwere ndi ana a nthochi kapena mitengo ya chinangwa imene simukudziwa chiyambi chake.

Bambo wina wa ku Kasungu akuti: "Nkhondo ikumenyedwa ku Ulaya, feteleza n'kukwera ku Kasungu. Si kutibera kumeneku? Kodi manyowa a Mbeya angalowe m'malo mwake?"

Bambo, ogulitsa ena amaonjezadi, koma gwero lake ndi lenileni. Feteleza wa urea amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndipo dziko la Russia ndi limodzi mwa ogulitsa kwambiri gasi ndi feteleza padziko lonse. Mitengo inayamba kukwera mu 2021, gasi atadula ndiponso China itachepetsa feteleza wotumiza kunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, zinthu zinafika poipa. Thumba limene mumagulalo limakwera sitima ya panyanja mpaka ku Beira kapena ku Nacala, kenako galimoto kapena njanji, ndipo paliponse pamenepo pamafunika madola ndi dizilo. Kwacha yathu inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye ngakhale mtengo utatsika kunja, pasitolo ya kwanu simungauone ukutsika.

Zimenezo inu ndi ine sitingazisinthe. Chimene tingasinthe ndi feteleza amene timataya tokha. Urea womwaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo amauluka, mumangodyetsa mphepo. Bowolani kadzenje masentimita 10 kuchoka pa phesi, thirani, kwirirani, nthaka ili yonyowa. Wokulitsa athiridwe pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa patatha masabata atatu kapena anayi, munda uli wopalira. Ngati mwapeza matumba awiri okha, akwanira ekala imodzi. Musawamwaze pa maekala atatu kuti paliponse palaweko; maekala enawo bzalani soya, mtedza kapena nandolo, zimene zimasiya chonde, ndipo chaka chamawa chimanga chidzapite pamenepo.

Manyowa a Mbeya ndi abwino, ndipo ndimawalimbikitsa. Kasakanizidwe kamasiyana malo ndi malo, koma ambiri amatenga makilogalamu 10 a feteleza, 20 a ndowe zouma zosinja za nkhuku, mbuzi kapena nkhumba, 20 a gaga ndi 10 a phulusa, n'kuwaza madzi okwana malita asanu, kenako kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21 pamthunzi. Koma tisanamizane. Makilogalamu 10 a feteleza sasanduka 60 chifukwa chogona m'thumba. Phindu la Mbeya ndi loti ndowe ndi gaga zimaonjezera chakudya china, zimafewetsa nthaka, ndipo munda umasunga chinyezi. Pa nthaka yoguga kwambiri chaka choyamba musayembekezere zodabwitsa. Ndipo ngati m'munda mwanu muli mtengo wa msangu, musaudule. Umagwetsa masamba nthawi ya dzinja, chimanga cha pansi pake n'kumakondwa.

Kalabu ina ya ku Zomba ikufunsa ngati ndi nzeru kuchulukitsa nandolo, poti chaka chatha mavenda ankamulimbirana.

Akuluakulu a m'kalabumo akukumbukira 2017. Nandolo wathu wambiri amathera ku India, kumene amamudya tsiku ndi tsiku. Zokolola zawo zitavuta zaka ziwiri zotsatizana, mtengo kuno unakwera, aliyense anabzala. Kenako Amwenye anakolola zochuluka, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo linaika malire a matani 200,000 okha pa nandolo wochokera kunja. Mtengo unagwa ku Malawi, Mozambique ndi Tanzania nthawi imodzi, anthu n'kutsala ndi matumba m'nyumba. Mu 2021 Malawi ndi India anagwirizana za matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu, koma msikawo ukadali m'manja mwa wogula mmodzi wamkulu, amene amayang'ana kaye mvula ya kwawo.

Bzalani nandolo, koma musachotse chimanga kapena mtedza chifukwa cha mtengo wa chaka chatha. Muikeni pakati pa mbewu zina. Mtengo ukagwa mudya ndiwo, mupeza nkhuni, nthaka ipeza chonde. Pogulitsa sonkhanitsani monga kalabu, imbani foni ku Limbe mumve mtengo venda asanafike, ndipo sikelo yake muiyese ndi paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi. Mukafuna kusunga podikira mtengo, umitsani bwino, muike m'matumba osalowa mpweya a PICS.

Lomaliza ndi la mnyamata wa ku Ntcheu: "Foni yanga imanena kuti mawa kugwa mvula, osagwa. Agogo amayang'ana mphepo ndi mitengo, nawonso akuphonya. Ndikhulupirire ndani?"

Achimwene, mapulogalamu ambiri a pa foni amawerengera dera lalikulu, pamene mvula yathu imatha kugwa kutsidya kwa mtsinje n'kusiya kuno kouma. Agogo nawo sakulakwa, nyengo ndiyo yasintha kayendedwe. Madzi a nyanja ya Pacific akatentha kufupi ndi Peru, zimene amazitcha El Niño, kum'mwera kwa Africa mvula imachepa. Zinatero mu 2015/16, zinateronso mu 2023/24, pamene chimanga chinauma mu Febuluwale ndipo boma linalengeza za ngozi m'maboma 23. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu Malichi 2023, namondwe Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kum'mwera. Madzi osefukira ndi ng'amba, motsatizana.

Chofunika kwambiri kumva ndi ulosi wa dzinja lonse umene a Dipatimenti ya Zanyengo amatulutsa mvula isanayambe, chifukwa ndiwo ukuuzeni mbewu yogula. Akati mvula ichepa, gawo lalikulu likhale la chimanga chocha msanga, ndipo musasiye mbatata, chinangwa kapena mapira. Za tsiku lobzala, foni isakulamuleni. Chizimalupsa si mvula yobzalira. Dikirani mvula yeniyeni, kumbani ndi khasu, ndipo ngati chinyezi chalowa kuposa kutalika kwa chikhatho chanu, bzalani tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mizere ikhale yotsata akalozera, m'mphepete mubzale vetiva, mapesi a chaka chatha muphimbire nthaka m'malo mowatentha. Pangani ngonyeka kuti madzi aime m'mizere. Mvula ikachuluka mpaka madzi kugona masiku awiri, gumulani ngonyekazo madzi adutse, mudzazibwezere kukayera.