Za ulendo wa ku Gunnerside Gill ndi ana mu Novembala

Achemwali, funso lanu lija, lofunsa ngati mungapite ndi ana mu Novembala ku Gunnerside Gill, khwawa la m'chigwa cha Swaledale kumpoto kwa England, ndaliwerenga ndili m'basi yopita kuntchito ya usiku, ndipo thupi langa lachita tsemwe ngati ndabwereranso pamwamba pa phiri lija, motero sindingadikire mpaka mawa kuti ndikuyankheni. Amene akukuuzani m'gulu muno kuti Gunnerside Gill ndi ulendo wongowongola miyendo, woti mukhoza kupita ndi ana anu awiri mu Novembala mutavala nsapato wamba n'kumatsata mapu a pafoni, ayenera kuti anangofika m'kankhalango ka kumunsi, n'kujambula zithunzi, n'kubwerera kugalimoto. Chigwa cha Swaledale n'chofatsa kumunsi kokha. Pamwamba pake anthu anakumbapo kwa zaka mazanamazana pofuna mtovu, ndipo maenje amene anasiya sanakwiririke onse.

Ife tinapita zaka ziwiri zapitazo, Loweruka loyamba la Novembala, anthu 14 pa minibasi kuchokera ku Leeds. Anakonza ulendowo ndi bambo wina amene sindimutchula dzina. Anatolera mapaundi 30 kwa munthu aliyense, natitsimikizira kuti njira za kumeneko amazidziwa ngati njira ya kuchitsime kwawo. Tinachedwa kunyamuka, tinafika m'mudzi wa Gunnerside nthawi itadutsa 12 koloko masana, ndipo iye sanaganizireko kuti mawotchi anali atabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi Lamulungu lapitalo, monga amachitira kuno nyengo yozizira ikamayamba, kotero kuti dzuwa linkalowa cha m'ma 4:30. Ine ndinali ndi mwana wanga wamwamuna wazaka 11, ndipo ndinkayenda limodzi ndi mayi ena achikulire a kutchalitchi kwathu amene bondo limawavuta.

Chiyambi cha njirayo n'chokongola zedi, ndipo zimenezi sindingakane. Imatsata mtsinje wa Gunnerside Beck, womwe madzi ake ndi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha dothi la m'madambo a pamwamba, kenako imatulukira m'minda ya msipu yogawidwa ndi makoma a miyala yongosanja popanda simenti, muli timakola tamiyala apa ndi apo, ndi nkhosa zanyanga zopindika, zankhope zakuda ndi mphuno zoyera. Mukapitirira, msipu umatha, khwawa limapanikizika, ndipo mabwinja amayamba. Mumadutsa pamene ankaswera ndi kutsukira miyala ya mgodi wa Sir Francis, womwe ngalande yake yapansi anayamba kuiboola mu 1864, ndiyeno mumafika pa Bunton, pomwe pali mzere wa tizipinda tamiyala timene gulu lililonse la okumba linkaunjikamo miyala yake isanatsukidwe. Pamenepo m'mbali mwa phiri muli zigwembe zikuluzikulu zong'ambika kuchokera pamwamba mpaka pansi, zomwe eni dera amazitchula kuti hush. Okumbawo ankamanga damu pamwamba pa phiri, madzi akadzaza n'kuligumula, kuti chigumulacho chikokolole dothi ndi kuonetsa pamene mwala wa mtovu wadutsa, ndipo ankabwereza zimenezi pamalo omwewo kwa zaka zambiri.

Pa Bunton tinafika nthawi ili pafupi 3 koloko, ndipo chanzeru chinali kubwerera momwe tinadzera. Pamenepo m'pamene bambo uja anatiuza kuti dalaivala anamutumiza kale, osatifunsa, kuti akatidikire pa mlatho wa Surrender Bridge, kuseri kwa phirilo, choncho tiyenera kukwera m'chigwembe chimodzi, kudutsa pamwamba pa phiri la Melbecks Moor, n'kutsikira ku mabwinja a ng'anjo zoyengera mtovu za Old Gang. Anati ndi njira yachidule yosapitirira ola limodzi. Njirayo ilipodi, ndi chigawo cha ulendo wotchuka wa Coast to Coast wochokera ku St Bees mpaka ku Robin Hood's Bay, koma amene amaiyenda amanyamuka ku Keld m'mawa, ali ndi majombo, mapu ndi kampasi. Tinakwera chokwawa pamiyala yogumuka, mayi aja ndikuwakoka dzanja, ndipo pamene tinkatulukira pamwamba anzathu onse anali atatsogola ndi mtsogoleri wawo, nkhungu nayo itafika.

Ine ndinakulira ku Thyolo, chiperoni ndimachidziwa, koma kwathu nkhungu ikagwa pamakhala mtengo, mzere wa tiyi, kapena tambala wolira patali wokuuza kumene kuli anthu. Pamwamba paja palibe chilichonse cha zimenezi. Ndi bwalo lalikulu la miyala yoswekasweka yotuwa, zotsalira za migodi, pomwe ngakhale udzu umalephera kumera, ndipo mbali zonse zimafanana. Foni yanga inalibe netiweki chichokereni m'mudzi, mapu anakana kutseguka, ndipo batire limene linali pa 40 peresenti linazima mosakhalitsa chifukwa cha kuzizira. Tinaitana anzathu mofuula mpaka mawu kusasa, koma palibe anayankha. Mwana wanga anaona kanjira kolowa m'tchire lalifupi la m'mphepete mwa bwalolo, kamene tsopano ndikudziwa kuti kanali ka nkhosa, nathamangirako kuti akaone ngati muli mapazi a anthu. Ndinangomva kuti "Amama!" ndipo sindinamuonenso.

Ndinamupeza m'dzenje lozungulira, lotambalala pamwamba ndi lopanikizika pansi ngati mtondo, atatitimira mpaka m'chiuno m'ndere ndi matope ozizira, manja atagwira tchire limene linkazuka pang'onopang'ono. Akati aponde kuti adzikankhe, timiyala ta m'mbali tinkagumuka n'kulowa m'kabowo kakuda pafupi ndi nthiti zake, osamveka pofikira pake, ndipo mpaka lero zimenezi zimandidzutsa usiku. Ndinagona chafufumimba m'mphepete mwa dzenjelo, koma dzanja langa silinamufike. Mayi aja ndi amene anaganiza msanga: anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa jekete lawo, anachipota, namanga mfundo kunsonga, ndiyeno anakhala pansi ndi bondo lawo lopwetekalo nandigwira miyendo pamene ine ndinkamuponyera mwanayo. Kawiri konse chitenjecho chinapulumuka m'manja mwake chifukwa zala zinali zitauma ndi chisanu. Kachitatu ndinamuuza kuti achikulunge pamkono, ndipo tinakoka tonse awiri, mayi aja akupemphera mokweza, mpaka anatuluka chokwawa, nsapato imodzi itatsala momwemo. Milomo yake inali mbuu, ndipo ankanjenjemera mwakuti sankatha kumaliza mawu. Ndinamuvula buluku lonyowalo, ndinamukulunga m'jekete langa, phazi lopanda nsapatolo ndinalimanga ndi mpango wanga wa kumutu, ndipo tinakhala atatu titakumbatirana kuseri kwa mulu wa miyala, mdima ukugwa.

Anatipulumutsa ndi mlimi wina amene ankasonkhanitsa nkhosa zake ali pa njinga yamoto yamatayala anayi, ndipo galu wake ndi amene anayamba kutipeza. Msewu wamiyala umene tinkaufuna unali pafupi kwambiri ndi pamene tinakhala, mtunda woti mwana akhoza kuponyapo mwala kawiri. Mlimiyo anakweza mayi aja ndi mwanayo, ine ndikutsata nyali yake pansi, ndipo m'njira anatiuza kuti maenje ozungulirawo ndi pakamwa pa migodi yakale yolowa pansi choongoka, ndipo ena anatsekedwa ndi matabwa amene akhala akuwola kwa zaka zoposa 100. Anafunsanso chifukwa chimene anzathu sanaimbire 999, nambala yoitanira thandizo pangozi, ine n'kusowa chomuyankha.

Yankho lake ndinalipeza pa Surrender Bridge cha m'ma 6 koloko. Bambo uja anali m'minibasi motentha, akudya mpunga ndi nkhuku zimene amayi tinaphika, ndipo mawu ake oyamba anali akuti tachedwetsa anzathu. Anyamata awiri anali atapempha kuti akafune netiweki aimbe foni yopempha thandizo, kapena abwerere kudzatifuna, koma iye anawaletsa, nawaopseza kuti apolisi akabwera ayamba kufunsa mapepala a aliyense ndipo tonse tilipitsidwa ndalama zambiri. Bodza limeneli limandipweteka kuposa zonse, chifukwa limagwira anthu athu pomwe ali ndi mantha kale. Magulu opulumutsa anthu m'mapiri a dziko lino, kuphatikizapo Swaledale Mountain Rescue Team, ndi a anthu ongodzipereka ndipo salipiritsa. Mumaimba 999, mumapempha apolisi, kenako mumanena kuti mukufuna mountain rescue. Munthu ameneyu ankateteza mbiri yake ndi kabizinesi kake ka maulendo pamene mwana wanga ankauma ndi chisanu pamwamba pa phiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti kumeneko anapitako kamodzi kokha, mu Julayi, akutsogoleredwa ndi ena. Ku Mulanje wotsogolera amayenda molingana ndi munthu wofooka m'gululo, koma uyu anadya ndalama za wotsogolera n'kusiya mwana ndi mayi wachikulire m'nkhungu. Mpaka lero sanapepese, ndalama sanabweze, ndipo ndikumva kuti akukonzabe maulendo.

Ndinalumbira kuti sindidzapondanso ku Swaledale, koma mwana yemweyo anandiumiriza kuti tibwerere mu Juni wotsatira, chifukwa ankafuna kudziwa anthu amene anakumba dzenje lija. Tinayambira ku Swaledale Museum m'mudzi wa Reeth. M'zaka za m'ma 1800 chigwa chonsechi chinkadalira mtovu: amuna ankalowa pansi ndi makandulo, amayi ndi ana ankaswa ndi kutsuka miyala panja m'madzi ozizira, ndipo okumba ambiri ankafa asanakalambe ndi matenda a m'chifuwa obwera ndi fumbi. Mabanja ankaweta ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndipo amuna omwe ankaluka masokosi a ubweya poyenda kupita kumgodi kuti apeze kandalama kowonjezera. Ku Old Gang chumuni chidakalipo chilili, ndipo chakumtunda kwake kuli mizere ya zipilala zamiyala yotalika mamita oposa 100, zomwe zinkanyamula denga la nkhokwe ya peat, dothi lakuda la m'madambo limene likauma limayaka ngati nkhuni, lomwe ankasonkhera m'ng'anjo zoyengera mtovu. Cha m'ma 1880 mtovu wotsika mtengo wochokera ku Spain unagwetsa msika, migodi inatsekedwa umodziumodzi, ndipo mabanja anasamukira ku mafakitale a nsalu a ku Lancashire, ku migodi ya malasha ya ku Durham, ena mpaka ku America. Ine amene ndinasiya makolo kumudzi chifukwa cha ntchito, ndinaima nthawi yaitali pakhomo pa bwinja lina lopanda denga, ndikuganiza za mayi amene analitseka komaliza.

Tsono mukapita, achemwali, musadalire munthu aliyense wonena kuti njira akuidziwa. Gulani mapu a pepala a Ordnance Survey, nambala OL30, ndi kampasi, muphunzire kuwawerenga nokha. Komabe musapite nokha ndi anawo, pezani munthu amene anayendako kale kuti akuperekezeni. Nyamukani pa Gunnerside isanakwane 10 koloko m'mawa, aliyense ali ndi majombo, jekete la mvula ndi tochi, zovala zouma zili m'pulasitiki, ndipo chitenje musachisiye. Kupita ku mabwinja a ng'anjo ya Blakethwaite kumutu kwa khwawa ndi kubwerera ndi makilomita pafupifupi 10, ndipo kwa ana zimenezo n'zokwanira. Kukacha ndi mitambo yotsika, sinthani ulendo muyende kuchokera ku Muker kupita ku Keld motsata mtsinje wa Swale, komwe mukaona mathithi a Kisdon Force ndi bwinja la Crackpot Hall, ngakhale kuti maluwa otchuka a m'minda ya Muker amaoneka mu Juni. Anawo asalowe m'ngalande za migodi, asaike m'kamwa timiyala tonyezimira timene angatole, ndipo asambe m'manja asanadye. Anzathu a ku Zambia akudziwa zimene mtovu wachita kwa ana a ku Kabwe ngakhale kuti mgodi wa kumeneko unatsekedwa mu 1994.

Koma kukacha koyera, akwezeni anawo mpaka pamwamba pa Melbecks Moor, ngakhale mu Novembala momwemo, chifukwa bwalo lotuwa lija ndi limene limaonetsa kukula kwa ntchito imene anthu aja anagwira ndi manja, ndipo mwana wanga amalikumbukira kuposa mathithi onse. Muwagwire dzanja, ndipo asachoke mumsewu wamiyala ngakhale phazi limodzi. Mapu anga ndikubwerekani tikakumana kutchalitchi Lamulungu. Pamene tikuganiza kuti pali dzenje lija, chakumtunda kwa zigwembe za Bunton, ndinazungulizapo ndi cholembera chofiira.