Utsi uli kutali, nanga njira atsekeranji?

FUNSO: Zikomo a Mkonzi. Ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ku Cape Town, ndipo Lamlungu timakonda kukwera phiri ndi anzanga atatu kukapemphera. Tsiku lina tinapeza njira yathu atatchingapo tepi, chikwangwani chikunena za moto. Utsi unkaoneka kutali, kuseri kwa phiri. Anzanga ankati tingowerama n'kudutsa, ine ndinakana, ndiye mpaka lero amanditcha wamantha. Kwathu ku Ntcheu moto wa tchire tinkauthibula ndi nthambi zaziwisi. Kodi ndinalakwa? — Wowerenga wa ku Cape Town

YANKHO: Achimwene, simunalakwe ngakhale pang'ono. Nanenso ndinakula ndikuthibula moto ndi nthambi, koma umenewo unali wa udzu, pamalo athyathyathya, pamene ukatopa umangothawira kumunda wolimidwa. Wa m'phiri ndi wina. Ukamakwera chitunda, malawi amaweramira kutsogolo n'kumawamba zomera zimene usanazifike, ndiye liwiro lake limawirikiza kawiri chitundacho chikangopendekeka ndi madigiri 10. Inu mukukwera mukuwefuka, iwo ukuthamangirathamangira.

Anzanuwo akumbukire za pa 18 Epulo 2021. Linali Lamlungu, ngati tsiku lanulo. Moto unabuka m'mawa m'munsi mwa phiri la Devil's Peak, komweko ku Cape Town, ndipo tsiku lomwelo unapsereza lesitilanti ya pa Rhodes Memorial, n'kulowa pa yunivesite ya Cape Town. Laibulale ya Jagger, momwe munkasungidwa mabuku ndi zolemba zakale za Africa, inapsa. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero. Ophunzira pafupifupi 4,000 anasamutsidwa. Motowo unadumphanso msewu waukulu wa M3 n'kutentha Mostert's Mill, chigayo choyendera mphepo cha mu 1796. Ngati msewu wa phula, wotakata chomwecho, unalephera kuutchinga, kanjira kanu ka miyendo kakanatani? Mphepo imanyamula makala oyaka n'kukawaponya patsogolo, moto wina n'kubadwira kumeneko, mwina kumbuyo kwanu. M'mawa mwake mphepo inakula, moto unazungulira phiri kulowera ku dera lokhala anthu la Vredehoek, anthu n'kuyamba kutuluka m'nyumba. Dzulo lake iwowo akanatha kunena kuti utsi uli kutali.

Palinso china chimene ambiri sitichiganizira. Misewu ya m'nkhalango ndi yopapatiza, ndipo ndi yomweyo imene magalimoto amadzi ndi ozimitsa moto amadzera. Kukangomveka kuti m'phiri muli anthu anayi, ena mwa ozimitsawo ayenera kusiya moto n'kuyamba kusaka inu. Helikopita nayo singakhuthule madzi mwaufulu pamene pansi pakuyenda anthu, chifukwa madzi akugwa kuchokera m'mwamba amatha kuvulaza. Amene akulipira kuwerama kwanu pansi pa tepi ndi mwana wa eni amene wagona m'phiri akulimbana ndi malawi.

Mudzaonanso kuti njira imakhalabe yotseka moto utazima. Musadabwe. Zitsa ndi mizu zimanyeka pansi kwa masiku, phulusa pamwamba likuoneka lozizira, munthu n'kupondapo phazi kulowa m'makala. Mitengo ya paini yopsa imagwa popanda chenjezo, ndipo miyala imene inkagwiridwa ndi mizu imagubuduka. Zomera za kumeneko, za fynbos, zimaphukanso pa lupsa, koma zikamatuluka kumene sizifuna kupondedwa.

Za pemphero ndikuzimvetsa, ndipo sindikuzichepetsa. Phirilo ndi lalikulu, kawirikawiri amatseka mbali imodzi, zina n'kukhala zotsegula. Loweruka madzulo muziona zimene bungwe la SANParks lalengeza pa Facebook, pakuti ndilo limayang'anira malo otetezedwa a mapiri a Table Mountain National Park. Mukachezera m'phiri usiku musamakoleze moto wootha kapena kandulo, ngakhale kuzizire bwanji. Ndipo mukaona utsi muli kale pamwamba, musauthawire chokwera. Tsikani mbali imene kulibe utsi, mukuimba 021 480 7700, nambala ya ngozi ya mzinda wa Cape Town. Isungeni m'foni lero, muwapatsenso anzanu atatuwo.