Mkango wa pa jezi yanu mwautenga kuti?

Adzukulu anga a timu ya mpira ya m'mudzi muno, mwandifunsa chizindikiro choti muike pa jezi zatsopano, ndipo ndamva kuti ambiri mukufuna mkango wonga wa Chelsea. Musanapite kwa telala, tatulutsani ndalama yachitsulo m'thumbamo muone chizindikiro cha dziko lathu.

Mkango ulipodi, wayang'anizana ndi kambuku. Kambukuyo ngwakale. Atsamunda adamuika pa chizindikiro cha Nyasaland mu 1914, ataima pathanthwe, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake. Titalandira ufulu mu 1964 dzuwalo lidakhalabe, ndilo kwacha wathu uja. Pansi pa nyama ziwirizo adaikapo phiri la Mulanje, pamwamba nkhwazi. Nkhwaziyo ine ndimaikonda kuposa zonse, poti ndi yomwe ija imatilirira m'mawa ku Chia asodzi akamakoka ngalawa. Amene adaisankha ankadziwa kuti m'dziko muno muli nyanja.

Nanga inu, mkango wa ku London ukunena chiyani za mudzi wanu? Chizindikiro chili ngati mfunda. Munthu sadzuka m'mawa n'kudzitcha Phiri chifukwa dzinalo lamukomera m'khutu. Amabadwa nalo, ndipo akafunsidwa amatha kulongosola kumene makolo ake adachokera.

Kuno ku Nkhotakota zosankha sizisowa. Ulipo mkuyu uja wa ku boma, umene David Livingstone adakhala pansi pake pokambirana ndi Jumbe za malonda a akapolo. Ulipo mpunga wa kilombero umene fungo lake limafika kwa aneba mphika usanaphulidwe. Nayenso usipa bwanji, ameneyu ndiye wakulipirirani fizi ambiri a inu, ngakhale ndikudziwa kuti mundiseka.

Chimodzi chokha ndikuletseni. Wina mwa inu adati mujambule nkhope ya chilombo cha gule wamkulu. Ayi, zimenezo iwalani. Zakudambwe siziikidwa pa malaya ogwa nawo m'matope, ochapidwa ndi kuyanikidwa pachingwe pamodzi ndi matewera. Eni mzinda akamva mudzalipa mbuzi, ndipo ine sindidzakuperekezani kubwalo.

Mukagwirizana, musathamangire kusindikiza. Mupite kwa amfumu kudzera kwa nduna yawo, mukhale pansi, zipewa m'manja, muwaonetse chojambulacho papepala. Mudzi ngwao, dzina limene mukalitchukitse kapena kulichititsa manyazi kubwalo la mpira ndi lawonso. Akakufunsani chifukwa chimene mwasankhira chinthucho, woyankha akhale kaputeni, osati nonse kulankhulira pamodzi ngati pamsika wa nsomba.