Kodi singano za ku China zija ndi mphini?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a kwathu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ku England. Msana wakhala ukuwapweteka chaka chathunthu chifukwa chonyamula anthu, mapilitsi atopa nawo, ndipo mnzawo wa kuntchito akuwakakamiza kuti akayese acupuncture, chithandizo cha ku China chobaya singano m'thupi. Akufunsa kuti: zimenezi si mphini zomwe zija, nanga zimathandizadi?

Achemwali, si mphini ayi. Sing'anga wa kwathu amatema khungu ndi lezala n'kutikitamo mankhwala akuda aja. Uku kulibe mankhwala aliwonse. Amakubayani timasingano toonda kwambiri, topanda bowo, n'kutisiya m'thupi mphindi 20 kapena 30, kenako n'kuzula. Chipsera sichitsala.

Nzeruyi ndi yakale ndithu. Inalembedwa m'buku la Huangdi Neijing zaka zoposa 2,000 zapitazo. Matchaina akale ankaphunzitsa kuti m'thupi mumayenda mphamvu yotchedwa qi, yodutsa m'njira zikuluzikulu 12, ndipo ikatsekeka penapake munthu amadwala. Singano ndiye yotsegulira. Masiku ano malo obayapo ovomerezeka alipo 361. Koma ndinene mosabisa: madokotala ong'amba anthu sanaipezepo njira ya qi ngakhale imodzi. Ku China komweko mfumu inaletsa luso limeneli kusukulu ya madokotala a kunyumba yachifumu mu 1822, ndipo linadzabwereranso mwamphamvu m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya mtsogoleri wa dzikolo Mao, madokotala achizungu ali ochepa. Ku America linatchuka mu 1971, mtolankhani James Reston atachitidwa opaleshoni ku Beijing n'kulemba mu New York Times kuti singano zinamuchepetsera ululu pambuyo pake.

Tsono pa nkhani ya msana wanuyo, pali kafukufuku wa ku Germany wa mu 2007 amene ine amandisangalatsa. Anatenga odwala msana oposa 1,100 n'kuwagawa patatu. Ena anabayidwa pamalo enieni aja. Ena anabayidwa mongonamizira, pamwambamwamba, pamalo olakwika dala. Otsalawo analandira chithandizo cha masiku onse, mapilitsi ndi mafizo. Patatha miyezi 6, pafupifupi theka la obayidwa moyenera linapeza bwino, pamene a mapilitsi aja anali pafupifupi munthu mmodzi pa anayi alionse. Nanga obayidwa mwachinyengo? Anapeza bwino pafupifupi chimodzimodzi ndi a singano zenizeni! Apa ndiye pamene akatswiri amakanganirana mpaka lero. Ena amati kubaya kulikonse kumachititsa thupi kutulutsa timadzi take topha ululu, totchedwa ma endorphin. Ena amati n'chikhulupiriro chabe, kuphatikizapo kugona phee theka la ola munthu wina akukusamalirani (kwa inu amene mumakhalira kusamalira ena, chimenecho pachokha si chaching'ono). Ine ndimaona kuti zonse ziwiri zilipo, ndipo mpumulo wake ndi weniweni koma wapakatikati.

Musadabwe GP wanu (dokotala wanu wa masiku onse) akakana kukutumizani kwa obaya singano. Bungwe la NICE, lomwe limalangiza NHS (zipatala za boma kumeneko), linanena mu 2016 kuti acupuncture isaperekedwe pa ululu wa kumunsi kwa msana, ngakhale mu 2021 linailola pa ululu wa mgonagona wosadziwika gwero lake. Mwina mudzalipira nokha, ndiye dziikireni malire: mukapita kasanu kapena kasanu ndi kamodzi osamva kusintha, sungani mapaundi anuwo.

Mukapita, singano azitsegule m'paketi inu mukuona, ndipo azitaye akamaliza. Singano yobwereza imafalitsa matenda a chiwindi ngati lezala la mphini lomwe lija. Wobaya wosadziwa akhozanso kuboola phapo akalowetsa kwambiri pachifuwa kapena kumtunda kwa msana. Ngati muli oyembekezera kapena mumamwa mankhwala osungunula magazi, nenani asanakukhudzeni. Ndipo aliyense wokuuzani kuti singano zithetsa shuga, BP kapena khansa, kapena kuti musiye ma ARV, nyamulani chikwama chanu muzipita.

Chimodzi chokha musachidikirire: miyendo ikayamba kufooka, pakati pa ntchafu pakachita dzanzi, kapena mkodzo ukamavuta, thamangirani kuchipatala, kumalo a odwala mwadzidzidzi otchedwa A&E tsiku lomwelo. Ndipo kuntchitoko, agogo olemera aja musamawanyamule nokha pamene makina onyamulira ali pakona.